Mnzanga Uja Saona Patali

Mawa lake kuli mpikisano wa madoda otsetsereka pa chipale m'mudzi mwathu muno ku Tirol, a Kajetan, amene amapambana mpikisanowu chaka ndi chaka ndipo chibadwire sanavomerepo kuti alakwa, analowa m'sitolo ya mlamu wawo akugogoda nsapato pakhomo. Mwini sitoloyo, a Ambros, mlongo wa akazi awo a Kajetan, ndi munthu wabwino mtima, koma ukawauza kuti wafa ndi njala amayamba kufunsa kuti maliro ndi liti.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero a Kajetan, akugwira dzanja chidole chachitali chovala jekete lofiira pafupi ndi khomo.

"Ndili kuno, alamu," anayankha a Ambros kuseri kwa kauntala. "Icho ndi chidole."

"Ndikudziwa! Ndimangoyesa ngati magolovesi akewa ndi ofunda. Komanso muno mwada bwanji? Mukuumira magetsi?"

A Ambros anayatsa nyali zonse, ndi ya kuchimbudzi yomwe. "Nanga pano?"

"Basi, basi. Ndikufuna magalasi a pachipale."

"Anu aja atani?"

"Si anga. Ndi a mnzanga."

"Mnzanu uti?"

"Mnzanga basi. Kugula magalasi kumafunanso chiphaso masiku ano?"

"Iyayi. Kungoti anzanu onse ndimawadziwa. Ndi a Pankraz ophika buledi?"

"Pankraz ndi mnzanga ameneuja? Kadzidzi wa mandala okhuthala ngati pansi pa botolo? Amene uja ntchito yake ndi kundiona msana pa mpikisano."

"Ndiye ndi ndani?"

"Simukumudziwa. Tulutsani magalasi."

A Ambros anatulutsa magalasi angapo, aja akuluakulu a lamba wapambuyo, nkuwayala pa kauntala mwaulemu ngati zinthu za m'tchalitchi.

"Akawavala liti mnzanuyo?"

"Mawa."

"Pa mpikisano?"

"Mwina."

"Wailesi yati mawa kukhala ngati lero, mitambo yokhayokha, dzuwa osatuluka. Tsiku lotero chipale ndi thambo zimafanana, dzenje ndi chulu osazisiyanitsa. Ndiye atenge achikasuwa, kapena ofiirirawa. Amadzutsa mabampu onse, munthu nkumaona poponda."

"Ndikufuna akuda."

"Akuda ndi a dzuwa, alamu."

"Akuda, aja onyezimira ngati kalilole. Oti munthu akakuyang'ana azingodziona yekha."

"Kukakhala mitambo, munthu wovala amenewo amakhala ngati walowa m'thumba la makala."

"Iye amakonda choncho."

"Amakonda kusaona?"

"Amakonda kusaonedwa!"

A Ambros anatsitsa mawu. "Akuthawa apolisi?"

"Aaa, koma alamu inu! Ndi munthu waulemu wake. Sakufuna anthu aziona zomwe zili kuseri kwa magalasiwo basi."

"Kuseri kwa magalasi kumakhala maso."

"Eya."

"Ali ndi angati?"

"Awiri! Ngati inu ndi ine!"

"Chabwino. Abwere adzayese. Magalasi ayenera kugwirana ndi nkhope komanso ndi helemeti. Pakatsala kampata pamphumi, mphepo imaboola ngati msomali."

"Sangabwere. Ndi wamanyazi."

"Nanga ndidziwa bwanji nkhope yake?"

"Nkhope yake ili ngati yangayi."

A Ambros anawayang'anitsitsa. "Yotakata chomwechi?"

"Chomwechi."

"Mphuno?"

"Yomweyi."

"Yopindikira kumanzere?"

"Mphuno yanga si yopindika."

"Ya mnzanuyo ndikunena."

"Yake… yapindikako pang'ono."

"Mutu?"

"Helemeti yanga imamukwana ndendende."

A Ambros anakhala pa kampando kawo pang'onopang'ono, nkudzigwira kukamwa. "Alamu, pepani kufunsa. Malemu bambo anu aja ankakonda kupita kuchigwa chinacho kukagula ng'ombe…"

"Nde?"

"Nthawi zina ankabwerako opanda ng'ombe."

"Asa! Musatukwane anthu ogona! Ndilibe m'bale wakutchire ine. Anthu amafanana basi."

"Zoona. Pepani."

A Kajetan anacheukira kukhomo, anacheukiranso kwa chidole chija, kenaka anatsamira pa kauntala nkunong'ona. "Pali kanthu kena. Mnzangayu, zinthu zakutali zimamuthawa pang'ono."

"Zimamuthawa? Monga agwape?"

"Saona patali, alamu!"

"Ooo! Mukanatero poyamba. Patali bwanji?"

"Patali ndithu. Zapafupi amaona bwino kwambiri, kuposa anyamata. Koma mbendera zikakhala kutsogolo uko zimangosanduka utsi. Posachedwapa anawomba kanyumba kosungira udzu kaja kali kumunsi kwa msipu."

"Aa! Inunso munawomba komweko Lamulungu!"

"Ine kunali nkhungu."

"Lamulungu kunali dzuwa, alamu. Ndinagulitsa akuda okhaokha."

"Pamene ndinali inepo panali nkhungu."

"Ndiye anthu awiri kanyumba kamodzi? Kachotsedwe kameneko, kadzapha munthu. Ndikanena ku msonkhano wa mudzi."

"Musakanene kanthu ku msonkhano! Tangondiuzani, munthu wotere amatani?"

A Ambros anasangalala, pakuti apa ndiye panali pawo. "Njira zilipo. Yoyamba, avale timandala tating'ono tija tomata padiso penipeni. Akatero avala magalasi aliwonse. Kungoti mphepo yozizira imaumitsa maso, ndipo pomata pamafunika chala."

"Palibe chala cholowa m'diso langa!"

"Lanu?"

"Lake. Ndikamaganiza za diso lake, langa limawawa."

"Muli ndi chifundo, alamu. Njira ina, dokotala wa maso amapanga timandala tokolowekera m'kati mwa magalasiwa. Koma zimenezo ndi zoitanitsa kutauni, mawa sizingafike."

"Ina?"

"Awa." A Ambros anatola magalasi akuya, a timipata m'mbali. "Amavalidwa pamwamba pa mandala a tsiku ndi tsiku. Onani, miyendo ya mandala imadutsa umu. Bola asamawakwezere pachipumi akatuluka thukuta, chifukwa amachita nthunzi. Koma ndiyenera kuona mandala ake, ena ndi otakata salowa."

"Ndabwera nawo."

A Kajetan anapisa m'thumba la mkati mwa jekete nkutulutsa kathumba kaubweya, kobiriwira, ka timaluwa toyera m'mphepete. Anakaika pa kauntala mofulumira ngati kakutentha. A Ambros sanakhudze mandalawo. Maso awo anali tong'o pa kathumbako.

"Kathumba aka analuka ndi achemwali anga."

"Ee, ndi Notburga. Nanga?"

"Timaluwa iti amangolukira anthu a m'nyumba. Ine anandilukira pa chipewa nditakwatira."

"Chabwino, mwaona. Tayesani mandalawo."

"Akazi anu anamulukira mnzanu kathumba?"

"Anamumvera chisoni."

"Amadziwana?"

"Kwambiri. Ndi iwo anamukokera kwa dokotala wa maso ku Innsbruck. Iye sankafuna."

"Anapita awiriwiri?"

"Pa sitima, ee."

"Inu muli kuti?"

A Kajetan anakanda kumutu. "Ine… ndinali pafupi."

"Munawaona?"

"Ndinamva zonse. Ulendo wonse ankangomulalatira."

"Achemwali salalatira mlendo, alamu. Amalalatira munthu amene amamukonda."

"Kumukonda ndiye amamukondadi, zimenezo sindingakane. Koma nkhanza! Pano amutsekera maski ake, matabwa aja otsetserekera, m'chipinda chapansi, kiyi aika m'thumba la epuloni. Ati satsegula mpaka abwere ndi magalasi olowa mandala. Munthu mpikisano uli mawa!"

"Maski a mnzanu akutani m'nyumba ya achemwali anga?"

"Amasunga momwemo."

"Amakhala kuti iyeyo?"

"Chakonko."

"Chakonko kuti?"

"Kwathu, alamu, kwathu! Mafunso bwanji?"

"Kwanu chipinda cha alendo munapangitsa lendi kwa Adatchi aja mpaka Pasaka."

"Ndikudziwa."

"Ndiye amagona pati?"

A Kajetan anayang'ana kudenga. "Amagona… penapake pofunda."

"Mayo ine!" A Ambros anaimirira, mpando nkugwa. "Zayamba liti?"

"Chiyani?"

"Zimenezi!"

"Za maso akezi? Pang'onopang'ono. Munthu sudziwa tsiku lomwe zayamba, umangozindikira zafika patali."

"Ndipo inu mumangoyang'ana?"

"Nditani nanga? Ndi ukalamba."

"Ukalamba si chifukwa, alamu! Ndinu mwamuna wamphamvu zanu! Mumadya naye?"

"Mbale imodzi."

"Zovala?"

"Amavala zanga."

"Ndi zovala zomwe!"

A Ambros anazungulira kauntala, nkuwakumbatira a Kajetan mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa. Misozi inali mbwe.

"Tasiyeni! Mwatani kodi?"

"Munthu wabwino ngati inu! Wina akukudyerani banja, inu nkudzuka kudzamugulira magalasi!"

"Akundidyera chiyani?"

"Mayi athu akanakhala moyo akanafa lero. Notburga, mwana woimba kwaya! Ndikupita komweko." Anatembenuza chikwangwani cha pakhomo kuti atseka, nkusolola ndodo yotsetserekera pa mulu. Anaiyesa m'manja, anaibweza, nkutenga ina yachitsulo chokhuthala.

"Alamu, ikani pansi ndodoyo."

"Ali kunyumba pano?"

"Ayi, watuluka."

"Wapita kuti?"

"Ku… kusitolo."

"Iti? M'mudzi muno masitolo ndi owerengeka. Ndimupeza. Nkhope ndikuidziwa kale."

"Simungamumenye! Ndi mnzanga wapamtima, sitisiyana!"

A Ambros anaima chilili. Anayang'ana a Kajetan, anayang'ana magalasi akuda aja pa kauntala, anayang'ananso a Kajetan. Ndodo inagwa pansi.

"Tsopano ndamva," ananong'ona.

"Mwamva chiyaninso?"

"Akuda. Tsiku la mitambo. Munthu wosaona patali. Pa mpikisano wa pa Khoma, phiri la phompho lija."

"Nde?"

"Mukufuna akagwere kuphompho!"

"Ha!"

"Nchifukwa chake mumakana achikasu! Iii, alamu, ndikumvetsa kuwawa kwa mtima, koma ine ayi. Kumumenya ndi ndodo ndikanakuthandizani, koma kupha munthu ndi katundu wa m'sitolo mwanga, toto." Anatola magalasi akudawo nkuwatsekera m'kabati, kiyi m'thumba. "Tiyeni kwa abambo mfumu. Nkhani iyi yakula."

"Sitipita kwa wansembe aliyense!"

"Ndiye ndiwaimbira achemwali abwere pompano, anene okha pamaso panga." A Ambros anatulutsa foni.

A Kajetan analumpha nkuigwira foniyo ndi manja awiri. Anawadziwa akazi awo. A Notburga akanamva kuti mlongo wawo akuwatcha wachiwerewere pakati pa msewu waukulu, maski akanawawaza nkhuni, ndipo mwini maskiyo akanagona m'khola mpaka chipale chitasungunuka. Komanso sitolo ya buledi ya a Pankraz ili khomo loyandikana, khoma lake lopyapyala.

"Alamu," anatero a Kajetan, thukuta lili kamukamu. "Khalani pansi. Ndikuuzeni zoona."

"Ndamva zokwanira."

"Palibe mnzanga."

"Mwamupha kale?"

"Palibe! Sanakhalepo! Mnzangayo ndine!"

A Ambros anapukusa mutu mwachisoni. "Mulungu akudalitseni. Mpaka kudzinamizira kuti mubise manyazi a achemwali anga."

"Sindikubisa kanthu! Mandalawa ndi anga. Ku Innsbruck ndinapita ndine. Wogona pabedi panga ndine!"

"Inu maso anu ndi akuthwa. Mudzi wonse ukudziwa. Chaka chatha paphwando la mpikisano munaimirira pa benchi nkunena kuti mumaona nsabwe pa mbuzi ili kutsidya kwa chigwa."

"Ndinali nditamwa!"

"Munalumbira."

"Ndimanama!"

"Ndiye mumanama liti, tsiku lija kapena lero?"

"Tsiku lija!"

"Wabodza anganene choncho."

A Kajetan anaponda pansi. "Kanyumba ka udzu kaja ndinawomba ndine ndekha!"

"Chifukwa cha nkhungu."

"Kunalibe nkhungu!"

"Mwanena nokha kuti pamene munali inupo panali nkhungu."

"Nanga chidole ichi? Sindinachipatse moni polowa?"

"Mumayesa magolovesi. Komanso munali mutada."

"Munali mowala bwinobwino!"

"Nanga nyali zonsezi ndayatsiranji?"

"Ndiyeseni, alamu. Ndiyeseni pompano. Lozani chilichonse."

A Ambros anaganiza, kenaka analoza chikwangwani chachikulu kukhoma lakumapeto, pamwamba pa nsapato. "Pajapo palembedwa chiyani?"

A Kajetan anatsinzina diso limodzi, anatong'ola linalo, anasolola khosi. "Sindikuona."

"Aliyense akhoza kunena kuti sakuona."

"Ndikungoona chinthu choyera chokhala ndi nyerere!"

"Mukuchita dala."

"Koma abale inu! Moyo wanga wonse ndakhala ndikukana kuti ndine wakhungu, anthu nkumakhulupirira. Lero ndikuvomera, osakhulupiriranso!"

"Musakuwe, a Pankraz amva."

A Kajetan anatseka pakamwa msangamsanga. Onse awiri anamvetsera kukhoma. Kunkangomveka makina okandira ufa.

"Pali njira imodzi," anatero a Ambros motsitsa. "Mandala a munthu wina amakana. Ukawavala mutu umazungulira, pansi pamapendekeka. Ine ndinayesapo a malemu agogo, ndinasanza. Valani. Ngati ndi a mnzanuyo, mugwa. Ngati ndi anu, muwerenga pajapo."

"Pano? Masana ano? Zenera lili pululu chonchi?"

"Kapena ndiimbe foni."

"Bweretsani."

A Kajetan anasolola mandalawo m'kathumba ndi zala ziwiri. Kapepala ka kusitolo kanali kakadali pamwendo pake.

"Sanavalidwepo awa," anatero a Ambros.

"Ndinavala kamodzi kwa dokotala, m'kachipinda kamdima. Potuluka ndinaika m'thumba."

"Inu kapena mnzanu?"

"Alamu, ndikumenyani."

Anawakoloweka pamphuno, atatembenukira kukhoma kuti odutsa asaone. A Ambros anatambasula manja kumbuyo kwawo, kudikira kuti awawakhe.

"Mukuzungulira mutu?"

"Ayi."

"Mseru?"

"Ayi. Dikirani." A Kajetan anakweza mutu pang'onopang'ono. "'Nsapato yoyesa ndi sokosi imodzi yokha.' Ndi zimene mwalemba pamenepo? Sokosi imodzi? Phazi linalo likhale losavala?"

"Ndimatanthauza asaphatikize masokosi."

"Ndiye mulembe choncho!"

A Ambros anatsitsa manja. "Mwawerenga."

"Ndawerenga."

"Ndiye ndi anu."

"Ndi anga."

"Ndiye achemwali…"

"Achemwali anu ndi mkazi wolungama, wankhanza, wobisa makiyi."

"Ndipo pabedi paja…"

"Ndine, alamu! Zaka zonsezi ndine!"

A Ambros anadzilemba mtanda, nkupuma mpweya wautali. "Ambuye alemekezeke. Komatu ndinayamba kumuda munthu ameneuja."

"Inu mwayamba imvi liti?" anafunsa a Kajetan akuwasuzumira.

"Kalekale."

"Ndipo sitolo yanuyi ndi yauve. Taonani akangaude pangodya apo."

"Tiyese magalasi tsopano. Achikasu."

"Akuda. Pankraz asaone mandala."

"Akuda ali m'kabati ndipo satuluka. Awa kunja kwake ndi onyezimira pang'ono, munthu ayenera kukuyandikirani ngati akufuna kukupsompsonani kuti aone zam'kati. A Pankraz amakupsompsonani?"

"Bweretsani kuno."

A Ambros anawaveka magalasiwo pamwamba pa mandala, anakonza lamba kumbuyo, anapisa chala m'mbali kuona ngati miyendo ya mandala yakhala m'malo mwake.

"Akukufinyani pamphuno?"

"Ayi."

"Pukusani mutu. Eya, sakugwedera. Tsopano muno simungadziwe kanthu, tulukani pakhonde muyang'ane chipale chenicheni."

"Kunja kuli anthu?"

"Kuli galu wa a positi yekha."

Anatsegula chitseko. Kunja kunali kotuwa mbuu, thambo ndi mapiri zonse mtundu umodzi, monga kumakhalira kwathu mitambo ikatsika. A Kajetan anatuluka monyang'ama, nkuima pamasitepe.

"Iii!"

"Bwanji?"

"Kwawala ngati dzuwa latuluka! Taonani mapazi a galu pa chipale, lililonse palokhapalokha!"

"Ndi ntchito ya achikasu imeneyo."

"Wotchi ya patchalitchi ili ndi mivi! Anaibwezera liti?"

"Sinachokepo."

"Ha! Mawa Pankraz alira. Ngati ndimamusiya ndikungoona utsi, nanga pano? Ndidutsa mbendera zija ngati…"

A Kajetan anali atakweza maso pamwamba pa denga la tchalitchi, pamwamba pa nkhalango, kumene kuli Khoma. Anthu anali kumeneko akuzika mbendera za mawa, timadontho tofiira ndi tabuluu totsika motsatizana.

"Alamu."

"Ee?"

"Icho nchiyani?"

"Chiti?"

"Chaimirira icho. Choongoka ngati chitseko."

"Ndi Khoma."

"Khoma lake liti?"

"Lomwe lija. Lanu."

"Iyayi. Pamene ndimatsika ine ndi potsetsereka bwino, poyera, pofewa ngati mtsamiro."

"Ndi pomwepo."

"Nanga zakuda zili m'mbalizo?"

"Miyala."

"Inabwera liti?"

"Mulungu atalenga dziko, ndikuganiza."

"Ndipo apo mbendera zakhotera kumanja, kuseri kwake kuli chiyani? Sindikuona pansi pake."

"Palibe amene amaona pansi pake. Ndi phompho lija. Ena onse amafika pamenepo atachepetsa liwiro. Inu nokha ndi amene mumadutsa osagwira mabuleki, ski imodzi ili m'malere. Nchifukwa chake mumapambana."

"Ski imodzi ili kuti?"

"M'malere. Anthu amatseka maso. Achemwali amapita kuseri kwa tenti kukapemphera."

"Ine ndimayesa akukagula soseji."

"A Pankraz amati ndinu munthu wolimba mtima kuposa onse amene anawaonapo."

A Kajetan anagwira chitsulo cha pamasitepe ndi manja onse awiri. Pamwamba paja kamunthu kena kozika mbendera kanaterereka, kanakhala pansi, nkutsetsereka ndi matako kamtunda ndithu kasanaime. A Kajetan anakhala pansi nawonso, pa sitepe yozizira.

"Mwayamba chizungulire?" anafunsa a Ambros mwankhawa. "Kapena mandalawa si anu?"

"Ndi anga, alamu. Kalanga ine, ndi anga."

"Ndiye ndikulungire? Mukawaonetse achemwali akutsegulireni maski."

"Kulungani. Koma za kiyi musawafulumizitse."

"Nanga mpikisano? Dzina lanu lili poyamba, mukutsegulira ndinu."

A Kajetan anayang'ananso Khoma kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mukawauze kuti atsika ndi mnzanga uja. Iye saona patali. Ine ndikuona."